Dzanzi la ku chida cha abambo: asanaloze chala mayi, ayambe ayezetsa shuga

Pali vuto lina limene abambo a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga salitchula pa bwalo, koma pa mowa amalinong'onezana. Mwamuna amaona kuti chida chake chachita dzanzi. Akachikhudza sachimva bwino, akagona ndi mkazi wake kukoma kuja kulibe, ngakhale chidacho nthawi zina chikudzuka ndithu. Kawirikawiri mlandu umagwera mayi wa m'nyumba. Amati wamuthirira mankhwala m'ndiwo, kapena wayenda ndi mwamuna wina. Mabanja ena amafika mpaka kwa ankhoswe ndi kwa nyakwawa pa nkhani imene inayenera kukathera m'manja mwa enfermeiro.

Kumva kwa chida cha abambo kumayenda m'mitsempha yopyapyala imene imachokera kumunsi kwa msana, n'kudutsa pakati pa miyendo, pamene munthu amakhalira. Mitsempha imeneyi ikapanikizika kapena ikaonongeka, uthenga sufika ku ubongo. Pamenepo mpamene dzanzi limayambira, ndipo mayi wa m'nyumba palibepo pa ulendo umenewu.

Chinthu choyamba chimene anthu a m'malire ayenera kuchikayikira ndi njinga. Amene anaonapo abambo akukwera mtunda ndi matumba a mbatata ya kachewere, makala kapena chimanga kupita ku msika wa Ulongue kapena ku malire a Calomue ndi Biri-Biri akudziwa kuti munthu amatha tsiku lathunthu ali pa chishalo. Anyamata a kabaza ndiye osanena. Chishalo chambiri n'chong'ambika, chotsala zitsulo, chomangidwa ndi mphira, ndipo mphuno yake imaloza kumwamba. Thupi lonse la munthu limatsamira pa malo omwe pamadutsa mitsempha ija ndi magazi. Dzanzi lotere nthawi zambiri limatha lokha munthu akapumula pa njinga masiku angapo. Mankhwala ake ali kwa wokonza njinga: chishalo chotakata, chokhala mopingasa kapena choweramira pang'ono kutsogolo, chosakwera kwambiri. Woyendetsa azidzuka pa chishalo pafupipafupi n'kupalasa choimirira, ndipo pa mtunda azitsika n'kukankha. Mtengo wa chishalo chatsopano sufika pa nkhuku ndi meticais zimene sing'anga amalamula.

Choopsa kwambiri ndi matenda a shuga. Shuga akachuluka m'magazi kwa zaka, amadya mitsempha pang'onopang'ono popanda ululu woti n'kumugoneka munthu. Pafupifupi theka la anthu odwala shuga amadzafika poonongeka mitsempha. Kawirikawiri zimayambira ku mapazi: kutentha usiku, kubayabaya ngati singano, kuponda munga osamva. Kenako zimafika ku chida, ndipo mphamvu ya kudzuka nayonso imachepa. Mwamuna amene ali ndi dzanzi, amene akumva ludzu losatha, akukodza kangapo usiku, akuonda ngakhale akudya, ndipo nyerere zikuunjikana pamene wakodza, asataye nthawi. Kuyeza shuga n'kubaya chala kamodzi, dontho limodzi la magazi, yankho pompo. Ngati posto ya pafupi ilibe kachipangizo koyezera, enfermeiro amalemba kalata yopita ku chipatala cha Ulongue kapena cha Tete.

Apa mpofunika kunena zoona. Mtsempha ukaonongeka kwambiri subwerera mwakale. Mankhwala onga metformina, kuchepetsa shuga wa mu tiyi ndi zakumwa za m'botolo, ndi kuchepetsa mtanda wa nsima, zimaletsa matenda kupita patsogolo. Wobwera msanga amapulumutsa zambiri, kuphatikizapo maso, impso ndi miyendo. Akuluakulu anati ukabisa matenda maliro adzaulula, ndipo pa shuga mawuwa ndi oona kwenikweni.

Kachasu nayenso ali ndi mlandu wake. Womwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, makamaka wosadya mokwanira, mitsempha yake imafooka. Fodya amachepetsa njira za magazi. Izi zimadziwika, koma ndi ochepa amene amafuna kuzimva.

Palinso mankhwala ena a ku chipatala. Isoniazida, amene amaperekedwa pa chifuwa chachikulu, amatha kubweretsa dzanzi, n'chifukwa chake amamuphatikiza ndi vitamini B6. Kachilombo ka HIV pakokha kamaononga mitsempha. Mankhwala akale a stavudina anali ndi vuto lomweli, ndipo m'chaka cha 2010 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse linalangiza mayiko kuti awasiye. Amene anawamwa kale mwina akali ndi dzanzi mpaka lero. Mankhwala ena a matenda a nkhawa amachepetsanso kumva. Koma wodwala asasiye mankhwala mwa yekha. Akafotokoze ku posto, kumeneko ndiko amadziwa kusintha.

Nanga zogulitsa pa feira? Gondolosi sangalumikize mtsempha woonongeka. Mapilitsi a buluu obwera m'zikwama amathandiza magazi kuti chida chidzuke, koma sabwezera kumva, ndipo kwa munthu wodwala mtima amene akumwa mankhwala ena akhoza kumupha. Mafuta ndi zopopera zimene amati zimachedwetsa mwamuna zili ndi mankhwala ochititsa dzanzi dala, kotero wina amagula yekha vuto limene akudandaula. Kutemera mphini kumaliseche ndi lumo limene latema anthu angapo n'kuitana zilonda ndi kachilombo. Za mdulidwe, anthu amalankhula zambiri, koma kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Kenya ndi ku Uganda sanapeze kuti abambo odulidwa amataya chisangalalo cha m'banja.

Mwina mpofunikanso kudandaulira mbali ya chipatala. Bambo wa zaka 50 sangamasuke kunena zotere pa mzere, anthu a m'mudzi mwake akumvetsera pa zenera. Ma posto akhale ndi chipinda chotseka, ndipo pamene pali enfermeiro wachimuna, abambo aloledwe kumupempha. Mayi naye apite limodzi ngati n'kotheka, kuti amve yekha kuti alibe mlandu.

Pali chizindikiro chimodzi chosadikira kuti kuche. Ngati dzanzi labwera mwadzidzidzi, lagwira chida, matako ndi mkati mwa ntchafu, pamodzi ndi kupweteka kwa msana, miyendo kufooka, mkodzo kukanika kutuluka kapena kutuluka wokha, ndiye kuti mitsempha ya kumunsi kwa msana yapanikizika. Zimachitika munthu akagwa mu mtengo, pa njinga yamoto, kapena atanyamula katundu wolemera. Wotere anyamulidwe tsiku lomwelo kupita ku chipatala chachikulu, chifukwa masiku awiri kapena atatu a kuchedwa akhoza kumusiya wolumala moyo wake wonse.