Musagule sikuta ndi maso okha

Aphunzitsi anzanga, ngati mwatopa ndi kufika mochedwa m'kalasi chifukwa chodikira minibasi, mwina mwaganizapo zogula sikuta. Musanatenge ngongole, tengani phunziro pa Buguruni mumzinda wa Dar es Salaam, pamene msewu wa Uhuru umakumana ndi wa Mandela.

Pamphambano imeneyo pamadutsa akabaza ambirimbiri, amene kumeneko amatchedwa bodaboda. Ambiri ali pa njinga zamoto za Boxer kapena TVS, za mateyala akuluakulu. Anthu amenewa amadyetsa mabanja ndi njingazo, ndiye sasankha mwachisawawa. Teyala lalikulu limapirira maenje ndi zithaphwi za mvula ya Malichi mpaka Meyi. Masipeyala ake sasowa ku Kariakoo, ndipo amakaniko a m'mbali mwa msewu anazizolowera njingazo.

Sikuta ili ndi ubwino wake. Ilibe magiya osintha, pansi pa mpando pamalowa makope ochonga, ndipo wovala siketi kapena chitenje amakwera mosavutika. Ngati njira yanu ndi ya phula yokhayokha, ingakuthandizeni. Koma lamba wake akaduka Lolemba m'mawa, mudzamupeza kuti?

Ine ndikuti yambani mwapita kwa makaniko wa kwanuko, kaya ndi ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete, mumufunse njinga imene amaikonza tsiku lomwelo. Kenako pamtengo wogulira wonjezerani ndalama ya chipewa choteteza mutu, laisensi ndi inshulansi. Zikapanda kukwana, dikirani kaye.