Dzuwa lilibe mlandu, chakula ndi chofunda cha dziko

Alimi anzanga, m'misika ndi m'misonkhano ya makalabu mawu ndi amodzimodzi masiku ano: dzuwa lakula ukali, ena mpaka akuti latsika. Ine ndikuti dzuwa tilisiye. Makina ozungulira mumlengalenga akhala akuyeza mphamvu yake kuyambira 1978 ndipo sanapeze kuti ikukwera. Vuto lili pa njira imene kutentha kumatulukira m'dziko.

Amene amalima m'madambo a ku Dedza ndi ku Ntcheu akudziwa kuti chisanu chimapsereza kachewere ndi nyemba usiku wa mu Juni kapena Julaye pamene kumwamba kuli mbee, kopanda kamtambo. Kukakhala mitambo mbewu zimapulumuka. Kodi chimachitika n'chiyani? Masana kuwala kwa dzuwa kumadutsa mumpweya mosavuta. Pafupifupi magawo 30 pa 100 amabwezedwa ndi mitambo ndi malo oyera, ndipo kwambiri mwa kotsalako kumatenthetsa nthaka ndi nyanja. Nthaka nayo imabweza kutenthako kumwamba, koma mwa cheza chosaoneka ndi maso, chonga chija mumachimva pankhope mukayandikira mafuwa moto utazima kale. Akatswiri amachitcha infrared. Usiku wopanda mitambo chezachi chimathawa, nthaka n'kuzizira. Mitambo ikakhalapo imachigwira n'kubwezera china pansi.

Tsono si mitambo yokha imene ili ndi khalidwe limeneli. Magawo 99 pa 100 a mpweya wouma ndi nitrogen ndi oxygen, ndipo iyi imangochilola chezacho kudutsa. Zochigwira ndi zochepa kwambiri: nthunzi ya madzi, carbon dioxide ndi methane. Zimenezi ndizo chofunda cha dziko, ndipo n'chabwino ndithu. Popanda icho dziko likanakhala pa madigiri 18 kunsi kwa ziro m'malo mwa madigiri 15 amene tili nawo tikaphatikiza malo onse. Ndiponso iyi si nkhani ya dzulo ayi. John Tyndall anayeza mipweyayi ku London mu 1859, ndipo mu 1896 Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengera kuti carbon dioxide akachuluka dziko lidzatentha.

Wachulukadi. Mafakitale asanayambe anali magawo 280 pa miliyoni. Pamene Charles Keeling anayamba kumuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958 anali pafupifupi 315. Mu 2024 anali atapitirira 420. Wina adzati, kanthu kochepa choncho kangatenthetse dziko? Mcherenso ndi wochepa m'mphika wa ndiwo, koma uwonjezereni theka lina muone ngati ana adye.

Mpweyawu ukachuluka, cheza chimene chimakwanitsa kuthawiratu chimakhala chochokera m'mwamba kwambiri, kumene n'kozizira, ndipo chinthu chozizira chimatulutsa kutentha kochepa. Choncho cholowa chimaposa chotuluka, pansi pano n'kumatentha kufikira ziwirizi zitalingananso. Likanakhala dzuwa, mpweya wonse ukanatenthera limodzi. Koma zoyeza zikuonetsa kuti wa pamwamba kwenikweni, kupitirira makilomita 20, ukuzizira pamene wa pansi ukutentha, monga zimakhalira kutentha kukatsekeredwa pansi. Chaka cha 2024 dziko linatentha ndi pafupifupi digiri imodzi ndi theka kuposa m'zaka za 1850 mpaka 1900.

Digiri imodzi imamveka ngati nthabwala kwa munthu wa ku Nsanje, koma pa digiri iliyonse mpweya umatha kunyamula nthunzi yowonjezera ndi magawo 7 pa 100. Mpweya waludzu chotere umayamwa chinyezi m'munda msanga, kotero ng'amba ya masabata awiri imaluma kuposa kale. Ukati ukhuthule, umakhuthula zambiri nthawi imodzi. Tinaona Namondwe Freddy mu Malichi 2023 ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, ndipo mu Malichi 2024 boma linalengeza za ngozi ya chilala m'maboma 23 mwa 28. Sindikuti chilala chayamba lero. Agogo athu anaiona njala ya 1949, ndipo El Niño ndi wakalekale. Kutenthaku kumangozipatsa mphamvu zinthu zimene zinalipo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti mlandu wonse umagwera mlimi. Akuluakulu amafika pamudzi n'kunena kuti nyengo yasintha kaamba koti mwadula mitengo, dzalani mitengo mvula ibwerere mwakale. Mitengo tidzale, inde. Imagwira nthaka, imasunga akasupe, ndipo kuotcha makala kwatisiyira mapiri adazi. Koma gawo lalikulu la carbon dioxide wowonjezerayu lachokera ku malasha, mafuta ndi gasi, ndipo pa utsi umenewu Africa yense safika pa magawo 4 pa 100 pa chaka. Komanso mpweyawu suchoka msanga, wina umakhala mumlengalenga zaka mazanamazana. Kulonjeza mlimi kuti nkhalango ya m'mudzi ibweza nyengo ya makolo n'kumunamiza, ndipo iye adzapitiriza kulima ngati kuti chaka chamawa zinthu zikhala bwino.

Ndikanakonda alangizi athu atamanena mosabisa kuti kutenthaku takhala nako. Chimanga chikamamasula ngayaye kunja kukutentha kupitirira madigiri 35, mungu umafooka, chisononkho n'kutuluka chamagweru. Uphungu wa mbewu zocha msanga, mapira ndi chinangwa pambali pa chimanga uyambire pamenepo. Nanga mwambo wotentha mapesi mu Ogasiti ndi Seputembala? Nthaka yambulanda imalandira dzuwa lonse la Okutobala, pomwe yophimbira ndi mapesi imakhala yozizirirako ndipo mvula yoyamba imalowa pansi m'malo mothamangira ku mtsinje. Apa pokha mlimi ali ndi mphamvu yosankha kuchuluka kwa dzuwa lofika pa nthaka yake.

Za utsi wa maiko olemera ndi ntchito ya amene tinawasankha. Mu 2022 ku Sharm el-Sheikh, m'dziko la Egypt, maiko anagwirizana zokhazikitsa thumba la ndalama zothandizira maiko osauka amene akuonongekeredwa ndi kusintha kwa nyengo. Aphungu athu akabwera kudzadzala mtengo pa sukulu, tiwafunse kuti Malawi wapempha zingati ku thumba limenelo, ndipo zidzafika bwanji kwa amene minda yawo inakwiririka ndi miyala ku Phalombe.