Kachipangizo Sikadziwa Ngati Munagonadi

Sindikugwirizana ndi anthu amene akutsatsa zipangizo zoyezera kunyumba matenda obanika kutulo ngati sikelo ya pabutchala: ikapo, werenga nambala, nkhani yatha.

Matendawo ndi enieni. Munthu akagona, minofu ya kummero imafooka, njira ya mpweya imatsekeka, ndipo amasiya kupuma masekondi 10 kapena kuposerapo mpaka ubongo utamudzidzimutsa. Madokotala amawerenga kuti izi zikuchitika kangati pa ola: kuyambira 5 mpaka 14 matendawo ndi ochepa, 15 mpaka 29 ndi apakatikati, 30 kupita m'mwamba ndi aakulu. Kafukufuku wa 2019 m'magazini ya Lancet Respiratory Medicine anayerekeza kuti padziko lonse anthu 936 miliyoni azaka 30 mpaka 69 ali nawo. Ife timangoseka kuti bambowo akuliza mkonono ngati chigayo, kwinaku magazi awo akuthamanga kwambiri, masana akuwodzera pachiwongolero.

Choncho kuyezera kunyumba sindikukukana. N'kotsika mtengo, ndipo munthu amagona pabedi lake. Koma onani zimene kachipangizoko kamayeza: mpweya wa m'mphuno, kukwera ndi kutsika kwa chifuwa, okosijeni wa m'magazi kudzera pachala. Zipangizo zambiri zotere siziyeza ubongo, pamene kuchipatala amamata timawaya kumutu kuti adziwe nthawi imene munthu wagonadi.

Tiyerekeze kuti mwavala kachipangizoko maola 8, koma chifukwa cha timachubu ta m'mphuno mwagona maola 4 okha, ndipo mwabanika ka 96. Iko kagawa 96 ndi 8 n'kupeza 12: matenda ochepa. Zoona zake ndi 24 pa ola. Mukagona pang'ono kuposa apo, pepala likhoza kubwera loyera. N'chifukwa chake mu 2017 bungwe la American Academy of Sleep Medicine linalangiza kuti zotsatira za kunyumba zikapanda kusonyeza matenda, munthu akayezedwenso kuchipatala, komanso kuti odwala mtima kapena mapapo kwambiri, ndi amene anadwalapo sitiroko, ayambire kuchipatala komweko. Mawotchi a Apple ndi Samsung, amene analoledwa ku America mu 2024 kuchenjeza za matendawa, nawonso amangochenjeza. Kukhala chete kwawo si umboni woti muli bwino.

Ine ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo liwu limene limandiopsa papepala lotere ndi lakuti "negative". Anthu amalimva ngati "mulibe matenda". Ndimakana kulimasulira choncho. Tanthauzo lake ndi lakuti "usiku uno kachipangizoka sikanawapeze". Ogulitsa alembe chiganizo chimenecho pabokosi m'zilembo zazikulu, m'chinenero cha wogula. Ndipo mayi akauza dokotala kuti amuna awo amasiya kupuma usiku mpaka kuwagwedeza, dokotalayo asawatseke pakamwa ndi pepala la usiku umodzi.