MANKHWALA A MWANA SI A NKHUKU

Mwezi watha amai ena anabweranso kucipatala ndi mwana wa zaka 2 amene ndinamulembera mapilisi a amoxicillin a masiku 5 cifukwa ca cibayo. Mwanayo anali akali kutentha thupi ndi kupuma mofulumira. Nditafunsa ngati anatsiriza mankhwala, amaiwo anayang'ana pansi. Anati mwana atayamba kusewera pa tsiku lacitatu, mapilisi otsalawo anawasungunula m'madzi a nkhuku zao zimene zinali kuonda ndi kutulutsa njoka m'zitosi. Mwanayo tinamugoneka m'wodi.

Sindinawakalipire amaiwo. Tonse tidziwa kuti m'makomboni monga Kapata, Mchini ndi Nabvutika nkhuku ndiye banki ya banja. Ndiyo imagula yunifomu ya mwana wa sukulu, ndiyonso ndiwo akabwera apongozi. Koma cizolowezi cothira makapasolo a anthu m'madzi a nkhuku ciyenera kutha.

Amoxicillin ndi tetracycline amapha tizilombo ta bakiteriya. Njoka za m'mimba sazikhudza konse. Tero banja limaluza katatu. Nkhuku siicira, mwana satsiriza mankhwala ace, ndipo tizilombo timazolowera mankhwalawo kotero kuti mawa adzakana kugwira nchito pa mwana yemweyo.

Njoka imene imabvutitsa kwambiri nkhuku ndi yoyera, yaitali ngati cala, ndipo imakhala m'matumbo. Mazira ace amatuluka m'zitosi. Pa dothi lonyowa amakhwima m'masabata ngati awiri ndipo akhoza kukhala amoyo miyezi yambiri. Nkhuku ina imawameza potola gaga pansi. Nyengo ya mvula ndiyo yoipitsitsa, ndipo anapiye osakwana miyezi 3 ndiwo amafa msanga. Gwirani nkhuku yanu pacifuwa. Ngati fupa lathwa ngati mpeni pamene nkhukuyo ikudya bwino, lipombo layera, mazira acepa ndipo ikutsegula m'mimba, ganizirani za njoka.

Mankhwala ace alipo kusitolo ya za ulimi kapena kwa a vetenale. Odziwika kwambiri ndi piperazine wothira m'madzi akumwa. Cotsani madzi ena onse kwa maola ocepa kuti nkhuku zimve ludzu, ndipo muzipatse zonse tsiku limodzi, osati yodwala yokha ai. Piperazine amacotsa njoka zazikulu zokha, conco bwerezani pakapita masabata awiri kapena atatu monga alembera pa paketi. Njoka zaphanthi-phanthi zimene zimaoneka ngati mpunga m'zitosi zimalowa pamene nkhuku yadya nyerere, nchenche kapena nkhono, ndipo zimafuna mankhwala ena. Funsani a vetenale, pakuti safunsa anadya phula. Werenganinso pa paketi masiku amene muyenera kuyembekeza musanadye mazira kapena nyama.

Cenjerani ndi ici: nkhuku zikamafa zambiri m'masiku ocepa, zina zitapindika khosi ndi zitosi zobiriwira, si njoka ai. Cimeneco ndi cideru. Palibe kapasolo amene amaciza cideru. Comwe cimateteza ndi katemera basi.

Mankhwala okha sakwanira ngati khola ndi lauve. Sesani zitosi kawiri-kawiri, mukazikwirire kudimba kutali ndi posewera ana. Khola likhale louma ndi lokwera, gaga aikidwe m'mbale osati pansi, ndipo anapiye muziwapatula kwa nkhuku zazikulu.

Ena amafunsa ngati njoka za nkhuku zingalowe mwa mwana. Yankho ndi lakuti ai, njoka za ana zimacokera ku cimbudzi ca anthu. Koma zitosi zili ndi tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba, ndipo mwana wokwawa amaika ciliconse kukamwa. Nkhuku zisagone m'kicini kapena m'cipinda ca ana, ndipo sambani m'manja ndi sopo mukacoka kukhola. Mwana wa caka cimodzi mpaka zaka 5 mupite naye ku Child Health Week, imene imacitika kawiri pa caka, akalandire mankhwala ace a njoka ndi vitamini A.

Makolo anzanga, mankhwala amene mwalandira kukiliniki tinawayeza molingana ndi msinkhu ndi kulemera kwa mwana wanu. Amwe onse mpaka pilisi lotsiriza, ngakhale wayamba kuthamanga pabwalo. Nkhuku ikadwala, gulitsani tambala mmodzi mugulire zotsalazo mankhwala ao.