Bwanji ife a masipanala ndi makompyuta timakonda nkhani za mizukwa ndi za kumwezi?

Iyi ndi yaitali ndithu, ngati bandulo ikuvuta isungeni muwerenge usiku.

Pali mawu amene akuluakulu ena amakonda kutiponyera ife ogwira zitsulo ndi mawaya. Akuti mnyamata woti amatha kumasula injini, kapena kukonza foni, kapena uja amakhala pa kompyuta n'kumaikira anthu nyimbo mu memori, bwanji nthawi yake imathera pa mabuku ndi mafilimu a zabodza? Maroboti, anthu opita kumwezi, mizukwa, zilombo za pansi pa madzi. Ena amafika ponena kuti ndi zausatana. Ine ndikuti ayi. Mutu umene umakonda nkhani zimenezi ndi womwewo umene umakonza injini, ndipo kunyanja kuno mutu woterowo tikuusowa kwambiri.

Tiyambe ndi ntchito yangayi. Injini ikazima boti lili pakati pa Kachulu ndi Chisi, anthu okwera amayamba zolankhula. Wina akuti mwakwera munthu wa tsoka, wina wayamba pemphero. Makaniko alibe nthawi imeneyo. Iye akudziwa kuti injini imafuna zinthu zitatu basi: petulo, mpweya ndi moto wa pulagi. Ayang'ana paipi ya mafuta, achotsa pulagi aone ngati yanyowa kapena yada, atsegula kabureta aone ngati mwalowa madzi kapena zinyalala. Chimodzi chimodzi mpaka vuto lipezeke. Wa kompyuta nayenso ndi chimodzimodzi. Chilembo chimodzi chikalakwika, zonse zaima, ndipo kukalipira makinawo sikuthandiza.

Tsono nkhani yabwino ya zodabwitsa imayendanso choncho. Ili ndi malamulo ake. Ngakhale zija timamva pa Nkhani za m'maboma pa MBC, za ndege ya ufiti yopangidwa ndi lichero, mvetserani bwino. Amati imagwa ikadutsa pa nyumba yokhwima. Amati mwini wake kukamuchera amapezeka ali mbulanda pabwalo la eni. Amenewo ndi malamulo a nkhaniyo. Mwana wa mutu wa umakaniko akamva samangoti eee, amafunsa: nanga imawongoleredwa bwanji, mafuta ake n'chiyani, bwanji siuluka masana? Kukoma kwa nkhani kwa iye kuli pamenepo, kuifufuza ngati injini. Wolemba akaphwanya lamulo limene anaika yekha, ife timamugwira msanga, monga timagwirira pulagi yabodza.

Chachiwiri ndi funso lakuti, bwanji zinthu zikanakhala mwakuti? Aliyense wopanga chinthu chatsopano amayamba wachiona kaye m'mutu chisanakhalepo. Mu 1945 Mngelezi wina, Arthur C. Clarke, amene pa nkhondo yachiwiri ankagwira ntchito ya makina a radar, analemba kuti mutaika makina m'mwamba makilomita pafupifupi 36,000, angamazungulire limodzi ndi dziko n'kumaoneka ngati aima malo amodzi, ndipo mungatumizirepo wailesi ku dziko lonse. Nthawi imeneyo kunalibe setilaiti ngakhale imodzi. Lero dishi ya pa video show imene timaonerapo mpira imangoloza malo amodzi osasuntha, chifukwa cha nzeru yomweyo. Ndipo Clarke yemweyu ndi amene anatchuka polemba nkhani za maulendo a m'mlengalenga, monga 2001: A Space Odyssey ya mu 1968, chaka chimene nyanja yathu ya Chilwa inauma.

WhatsApp mukuwerengerapoyi eni ake ndi kampani ya Meta, imene mpaka 2021 inkatchedwa Facebook. Dzina latsopanolo linachokera ku mawu akuti metaverse, amene anayambira m'buku lopeka la Neal Stephenson, Snow Crash, la mu 1992. Ngakhale liwu loti roboti linachokera mu sewero la Karel Čapek la mu 1920. Ndiye akamati zabodza, muziwauza kuti zabodza zimenezo zili m'thumba mwawo.

Musaganize kuti ndi za azungu okha. William Kamkwamba wa ku Wimbe, Kasungu, atalephera kupitiriza sukulu chifukwa cha fizi, anaona chithunzi cha makina oyendera mphepo m'buku la mu laibulale, n'kupanga ake ndi zitsulo zotola ndi njinga yakale, ali ndi zaka 14. Anthu ankamuti wamisala. Werengani buku lake, The Boy Who Harnessed the Wind, muona kuti likuyamba ndi nkhani za matsenga ndi asing'anga zimene zinkamuopsa ali mwana. Mwana wa nthano uja ndi amene anadzayatsa babu kwawo. Shadreck Chikoti analemba Azotus the Kingdom, nkhani ya Africa ya zaka 500 zikubwerazo. Muthi Nhlema, amene ndi injiniya, analemba Ta O'Reva, mmene Nelson Mandela akubwereranso ku South Africa ya m'tsogolo itaonongeka. Malemu Steve Chimombo, amene ankaphunzitsa pa Chancellor College pompano pa Zomba, anatenga Napolo wathu yemweyu n'kumulembera mabuku. Awa ndi anthu athu, aise.

Nanga zoopsa, za mizukwa ndi mitembo yoyenda, timazikonderanji? Apa ndilankhule ngati makaniko. Frankenstein ya Mary Shelley, ya mu 1818, ndi nkhani ya munthu amene analumikiza ziwalo n'kupanga chamoyo, kenako n'kuchithawa, chinthucho n'kuyamba kupha abale ake. Aliyense wogwira sipanala amawadziwa mantha amenewo. Ukamanga pulopela mwa changu, ukabisa vuto kuti ulandire ndalama msanga, boti lija linyamula amayi ndi ana ndi matumba a matemba, mwera uwapeza pakati pa nyanja. Nkhani yoopsa imatikumbutsa kuti chimene wapanga ndi manja ako chimakutsata. Komanso imakuphunzitsa kuchita mantha uku mutu ukugwirabe ntchito, zimene msodzi aliyense wogona m'zimbowera amazifuna.

Koma akuluakulu aja asatsutsidwe pa zonse. Pali ana amene amajomba kusukulu n'kukatsekeredwa mu video show tsiku lonse. Pali mafilimu ena omasuliridwa m'Chichewa amene mfiti yake nthawi zonse imakhala gogo wosauka, mwana akatuluka mmenemo n'kumayang'ana agogo ake ndi diso lina. Ndipo nkhani yoopsa ikachoka m'buku n'kuyamba kuyenda ngati uthenga weniweni, imapha anthu.

Sitinaiwale 2017. Mphekesera ya anamapopa inayenda ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu olusa, misewu inatsekedwa, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Phalombe ndi kutsidya chabe kwa ife. Mu Januwale 2016 ku Neno, okalamba anayi anaphedwa mphezi itapha mtsikana, ati ndi iwo anaitumiza. Funso langa ndi ili: amene ananyamula miyala ndi zikwanje aja, anachita zimenezo chifukwa chowerenga mabuku ambiri? Ayi. Anali anthu amene anamva nkhani n'kuimeza osatafuna.

Wozolowera nkhani zopeka amadziwa fungo lake. Amadziwa kuti wolemba amabisa nkhope ya chilombo dala, kuti zimachitika usiku nthawi zonse, kuti mboni imakhala msuweni wa mnzake wa winawake. Ndiye voice note ikabwera yoti akupopa magazi ndi paipi kudzera pa zenera, iye amafunsa za umakaniko. Paipiyo ikukoka ndi mphamvu yanji? Mtsempha aupeza bwanji mumdima? Magazi a kuchipatala amasungidwa mu firiji, m'matumba okhala ndi mankhwala oletsa kuundana, nanga awa akusungira kuti pakati pa mudzi wopanda magetsi? Mafunso atatu, nkhani yazima yokha. Mankhwala a mphekesera si kuletsa ana nthano. Ndi kuwaphunzitsa kumasula nkhani monga timamasulira kabureta.

Napolo yemwe tingamuone choncho. Makolo anamuona pa Zomba mu 1946, ku Phalombe mu 1991, ife tinaona za Freddy mu 2023. Nthano imati ndi chinjoka chikusamuka m'phiri kupita kunyanja. Wa mutu wofufuza amasunga nthanoyo, koma amaonanso kuti dothi la m'phiri likakhuta madzi, mitengo yoligwira itadulidwa, limatsetsereka ndi miyala yomwe. Ziwirizi sizilimbana. Nthano imakuuza kuti uope, kufufuza kumakuuza poti usamange nyumba.

Pomaliza, bwanji tikungodya nkhani za eni? Tili ndi nyanja yopanda mtsinje wotulutsa madzi. Likangala, Domasi ndi Phalombe amathira, dzuwa lokha ndi limene limatunga. Inauma mu 1968, mu 1995, mu 2018 mabwato anagona pa matope ong'aluka. Makumba, matemba ndi milamba zimasowa, mvula ikabwera n'kubwereranso. Kodi imeneyi si nkhani kale? Wina alembe za Kachulu wa mu 2070. Nyanja ilipo kapena kulibe? Mabwato akuyendera dzuwa? Mpunga wa pa sikimu ya Likangala akuthirira ndi chiyani? Amene angayankhe zimenezi pa pepala lero ndi amene mawa adzapange pampu.

Ndiye mng'ono wanu mukamupeza ndi buku la maroboti, musamulande. Mufunseni kuti robotiyo ikuyendera chiyani, ndipo akamaliza akugwirireni sipanala. Uthenga woopsa ukafika pa gulu, musanautumize kwa wina, uchotseni kaye pulagi muone ngati uli ndi moto.

Amene akutsutsa ayankhe, koma abwere ndi mfundo. Ine wanu, mwana wa msodzi, ku Likangala.