ZA MPIRA: KODI TIPITIKITSE MPHUNZITSI KAPENA TIGULE ANYAMATA?

Timu ikaluza kawiri kapena katatu motsatizana, mkangano wa okonda mpira ku Petauke ndi ku Nyimba sucedwa kubuka. Umayambira pabwalo, nufika kumsika, ndipo ogulitsa nthoci m'mbali mwa mseu wa Great East nawonso amaponyapo mau ao. Ena amati mphunzitsi acoke. Ena amati komiti ipeze ndalama, iitane akatswiri a ku Lusaka kapena a ku Migodi. Ocemerera Petauke United ndi a matimu ang'onoang'ono a m'midzi onse amaidziwa nkhani imeneyi.

Tiyambe ndi mphunzitsi. Nchito yake ndiyo kusankha osewera ndi kuwakonzekeretsa. Koma kawirikawiri kumatimu athu a kumudzi wapampando ali ndi mphwake, msungi wa cuma ali ndi mlamu wake, ndipo yense afuna kuti wake alowe m'bwalo. Mphunzitsi akamvera, timu iluza. Ikaluza, amene anamusokoneza ndiwo ayamba kupfuula kuti acoke. Munthu aweruzidwe pa nchito imene anamulola kuigwira yekha.

Kumbukirani Chipolopolo. M'caka ca 2010, pansi pa Herve Renard, anyamata athu anacotsedwa ndi Nigeria pa mapenoti m'ndime ya makota. Renard atabwerera mu 2011 anapeza ambiri a iwo alipobe: Christopher Katongo, Kennedy Mweene, Rainford Kalaba ndi Stoppila Sunzu. Amenewa ndiwo anagonjetsa Ivory Coast 8-7 pa mapenoti ku Libreville mu 2012, natenga cikho ca Africa. Anali atasewera pamodzi zaka zambiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nanga za kugula osewera? Mnyamata wocokera ku Kitwe afunika nyumba, cakudya ndi malipiro mwezi ndi mwezi. Timu imene imavutika kulipira galimoto yopita nayo ku Chipata kapena ku Lundazi idzazipeza kuti ndalama zimenezi? Malipiro akacedwa, iye anyamula nsapato zake, akwera basi. Paja mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Sitikuti alendo n'ngoipa, ai. Ngati pagolo palibe womudalira, mufuneni kulikonse kumene ali. Koma mlendo adzatseke mpata umene mphunzitsi wauona, asabwere cifukwa cakuti dzina lake linamveka pa wailesi.

Luso lilipo kwathu kuno. Fashion Sakala, mwana wa ku Chipata, anasewera ku Nchanga Rangers ndi ku Zanaco, ndipo mu 2021 anafika ku Rangers ya ku Scotland. Anali m'gulu la Beston Chambeshi limene mu 2017 linagonjetsa Senegal 2-0 ku Lusaka, n'kutenga cikho ca Africa ca anyamata osapitirira zaka 20. Kodi kwa Kalindawalo ndi kwa Ndake kulibe ana otere? Alipo, akusewera opanda nsapato pamabwalo a sukulu, koma akusowa wowaona.

Cotero, inu a komiti, mupatseni mphunzitsi caka cathunthu, ndipo muuze anthu poyera m'mene ndalama za pacipata zayendera. Inu aphunzitsi, yendani m'masukulu masewera akamacitika. Nanu ocemerera, lipirani polowa m'bwalo. Musamangolowera kumpanda kenaka n'kumafunsa cifukwa cace timu ilibe mayunifomu. Mutu umodzi susenza denga.