Mlekeni akaphunzire za maganizo, koma adzabwerere ku Ndirande

Sabata lina masana, titangomaliza kudya pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi china ku Chilomoni, mlongo wina amene anamaliza digiri yake yoyamba anatiuza kuti akufuna kukachita masitazi ya clinical psychology ndi psychotherapy. Panali kaye zii. Kenako bambo ena achikulire, amene tonse timawalemekeza, anafunsa kuti, "Mwanangu, ndiye kuti ukufuna uzikakhala ndi amisala ku Zomba? Kodi pemphero lasiya kugwira ntchito?" Anthu anaseka. Mlongoyo sanaseke, ndipo ine funsolo likundizungulirabe m'mutu.

Ndikufuna ndiwayankhe bambowa mwaulemu, chifukwa sali okha. Ambiri a ife tikamva za matenda a maganizo, timaona munthu wausiwa akutola zinyalala pamsika wa Ndirande, kapena chipata cha Zomba Mental Hospital. Koma odwala ambiri amavala bwino, amakwera minibasi ya ku Machinjiri m'mawa uliwonse, ndipo ena amaimba nafe kwaya. Ndi mayi wa ku Bangwe amene chibadwire khanda lake sagona ndipo amangolira osadziwa chomuliza. Ndi mnyamata amene kubetcha mpira pa foni kwamudyera fizi, ndiye akuopa kubwerera kunyumba. Ndi aja anapulumuka ku Chilobwe mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche. Ena a iwo tinawapatsa ufa ndi mabulangete, ndipo tinachita bwino. Nanga uja amene mpaka lero mvula ikangoyamba kuwomba pamalata thupi lonse limanjenjemera, tinamupatsa chiyani?

Ntchito imene mlongo wathu akufuna kuphunzira ndi ya anthu amenewa. Sadzakhala dokotala wolemba mankhwala. Imeneyo ndi mbali ya psychiatrist ndi makiliniko ofesa a za maganizo, monga amene amaphunzitsidwa ku St John of God ku Mzuzu. Iye adzaphunzira kuyeza bwinobwino chimene chikumuvuta munthu, kusiyanitsa chisoni cha maliro ndi matenda okhumudwa, kuzindikira amene watsala pang'ono kudzipha, ndi kuchiza pokambirana mwadongosolo kwa masabata angapo. Njira imodzi yodziwika, imene Aaron Beck anaiyambitsa ku America m'zaka za m'ma 1960, imathandiza munthu kuligwira ganizo limene likumuzunza, monga lakuti "ndine wopanda pake", kuliyesa ngati ndi loona, ndi kuyambanso pang'onopang'ono ntchito zimene anazisiya. Pongomva zikuoneka ngati macheza chabe, koma wophunzira amatha miyezi yambiri akuona odwala moyang'aniridwa ndi katswiri amene amamudzudzula pa chilichonse. Ku South Africa, akamaliza za m'kalasi amakhala chaka chathunthu m'chipatala, kenako china chotumikira anthu, asanaloledwe kuima payekha.

Mantha a bambo aja ali ndi pogwira, tisawapeputse. Sigmund Freud, amene dzina lake limatchulidwa m'buku lililonse la maphunzirowa, analemba mu 1927 kuti chipembedzo ndi chinyengo cha m'maganizo. Mwana wathu adzaziwerenga zimenezo. Koma anamwino athu a ku Malamulo amawerenganso mabuku a sayansi amene satchula Mlengi ngakhale kamodzi, ndipo sitinawaletse kubaya jakisoni. Wodwala malungo timamupempherera, kenako timamutengera ku chipatala kuti akalandire LA, popanda wina kufunsa ngati pemphero latha mphamvu. Mishoni ya Malamulo inayamba mu 1902, ndipo kuyambira kale mpingo wathu umadziwika ndi uthenga wa zaumoyo. Buku la Ellen White la The Ministry of Healing, la mu 1905, lili ndi chaputala chonse chokamba za mmene maganizo ndi thupi zimadwalitsirana. Ndiye n'chifukwa chiyani uthenga wathu wa zaumoyo umathera pa soya, madzi ndi kusamwa tiyi? Ngakhale Eliya uja, pa 1 Mafumu 19, atatopa mpaka kupempha imfa, mngelo sanayambe ndi kumudzudzula. Anamuleka agone, namupatsa chakudya kawiri.

Pali chinanso chimene sitikonda kuchitchula. M'mipingo mwathu chinsinsi sichikhalitsa. Munthu amauza mnzake mmodzi vuto lake Lamlungu, pofika Lachitatu lasanduka chopempherera, pofika Sabata Zingwangwa yense walimva. Nthawi zambiri sikuti ndi nkhanza ayi, ndi chikondi chopanda maphunziro. Koma zotsatira zake n'zakuti amene ali ndi maganizo odzipha amasankha kukhala chete. Wophunzira psychotherapy amaphunzitsidwa kusunga chinsinsi ngati lamulo la ntchito, ndiponso amaphunzitsidwa nthawi yochepa imene ayenera kuchiulula pofuna kupulumutsa moyo. Abusa ndi akulu a mpingo ali ndi ntchito yawo yopatulika, koma zimenezi ambiri sanaziphunzire, ndipo si mlandu wawo.

Tsopano nditembenukire kwa iwe mlongo wanga, ndi ena a pakoleji pano amene muli ndi loto lomweli. Ine ndili kumbali yanu, koma ndili ndi nkhawa. Akatswiri a ntchitoyi m'Malawi muno ndi owerengeka, ndipo amene wangomaliza amakokedwa msanga ndi mabungwe a ku Lilongwe, kapena amatsegula kaofesi ku Namiwawa komwe ola limodzi limadya ndalama zimene mayi wogulitsa mandasi sangazipeze pa sabata. Sindikunyoza, munthu ayenera kudya. Koma ngati digiri yako idzangolankhula Chingerezi, ku Ndirande siidzafika. Wodwala wa kwathu sanena dzina la matenda lolembedwa m'buku. Amati "mtima ukundiwawa", "mutu ukutentha", "ndikuganiza kwambiri", kapena "BP yakwera", ndipo mwina wapita kale kwa sing'anga kapena kuphiri kukapemphera usiku wonse. Pulofesa Chiwoza Bandawe, amene waphunzitsa kwa zaka zambiri ku College of Medicine, yomwe tsopano ili mu KUHeS, wakhala akulemba kuti maphunzirowa azikidwe pa umunthu wathu. Ukamalemba kafukufuku wako, sankha funso la kuno, ndipo ufunse anthu m'chilankhulo chimene amalirira maliro.

Ndiponso munthu mmodzi sangaone Bangwe yense. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anayamba mu 2006 ku Mbare, mumzinda wa Harare, kuphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi panja pa chipatala ndi kumvetsera anthu amene akuganiza kwambiri, n'kuwathandiza kuthetsa vuto limodzi pa nthawi. Ntchitoyo, Friendship Bench, inayesedwa mwasayansi ndipo inapezeka kuti imathandiza. Koma agogowo sagwira okha: pamwamba pawo pamakhala wophunzira bwino amene amawaphunzitsa ndi kulandira odwala amene awakulira. Ife agogo oterowo tili nawo kale. Amayi a Dorika amadziwa khomo lililonse la odwala ndi ofedwa kuyambira ku Makata mpaka ku Goliyo. Chimene akusowa ndi munthu wa masitazi woti awaphunzitse mafunso oyenera, ndi kuwauza kuti uyu musamuchedwetse, athamange naye ku Queens lero lomwe.

Pempho langa kwa atsogoleri a mpingo ndi laling'ono. Timasonkha ndalama za yunifolomu ya kwaya, za matailosi, za basi yopita ku msonkhano wa misasa. Tiyeni tithandizeko fizi ya mwana mmodzi kapena awiri a maphunzirowa, pa mgwirizano wolemba kuti akamaliza azidzapereka tsiku limodzi pa sabata ku mipingo ya m'makomboni, m'chipinda chotseka chitseko, osati pakhonde pomwe madikoni akudutsa. Mlongo uja mafomu anatenga kale, ndipo akalata omuchitira umboni wapeza awiri. Wachitatu akufuna achokere ku mpingo, ndipo bodi ikumana Lamlungu likubwerali.